Wogula Njira wa ku Kewdale

Annastazia anali atagwada pansi akumanga zingwe za nsapato za bambo ake pamene galimoto ya mlendo inaima panja. A Mbewe anali asanavale nsapato kwa milungu itatu, ndipo mapazi anali otupa, koma tsiku limenelo anakana masilipasi.

"Akubwerayu sakudzaona wodwala," anatero. "Undiveke jekete."

"Bambo, muno mukutentha kale. Hita ndi yoyaka."

"Ndati jekete."

Anawaveka. Jekete lija linkawathina m'mapewa pamene ankatsika ndege mu Febuluwale, koma tsopano linkalendewera ngati lili pa msomali. A Mbewe anabwera ku Perth kudzacheza miyezi itatu basi. Mwezi wachiwiri madokotala anapeza khansa m'chiwindi, ndipo pofika mu Julayi ananena mosabisa kuti ulendo wa pandege wobwerera ku Dedza sangaukwanitse.

Za imfa a Mbewe sankadandaula kwenikweni. Chimene chinkawavuta chinali china. Kwawo ku Mayani anali akunjira, mmodzi mwa akuluakulu oyang'anira gule wamkulu. Panali mawu amene malume awo anawasiyira, oyenera kuikidwa m'khutu la munthu wina iwo asanamwalire, pamodzi ndi dzina la wodzalowa m'malo mwawo. Mawuwo sankalembedwa, sankanenedwa pa foni, ndipo sankauzidwa mkazi kapena munthu wosameta.

"Ndikapita nawo ndiye kuti ndaba," ankatero. "Si anga."

Amalawi onse amene Annastazia ankawadziwa mu Perth anali a kwaya, a mvano ndi a mapemphero a Lachisanu. Ngati pakati pawo panali wometa, ndiye kuti zimenezo anazisiya pa bwalo la ndege. Anafunsa monong'ona kwa milungu iwiri, mpaka Christine, mnzake wa ku Zambia amene ankagwira naye ntchito ya unesi kunyumba yosamalira okalamba, anamuuza za Goodwill Sakala, woyendetsa folokolifiti ku Kewdale. Akuti tsiku lina pa kanyenya, mowa utalowa, anadzitama kuti za Nyau iye amazidziwa, analowa kwawo ku Katete. Komanso kumapeto kwa Ogasiti ankapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana. Munthu wotero akanatha kunyamula mawuwo n'kukawafikitsa kwa anthu a ku Dedza. Annastazia anaona ngati Mulungu wayankha, ngakhale sanali wotsimikiza ngati pempho lotere limapita kwa Mulungu.

Jones, mwamuna wake, anali mkulu wa mpingo. Maganizo ake pa nkhaniyi anawanena kamodzi, modekha, ndipo sanawabwereze. Koma mlendo atagogoda, Jones anakumbukira kuti galimoto ikufunika kutsuka, n'kutuluka ndi ndowa mvula ikuwaza.

Goodwill anali wamkulu thupi, wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu, ndipo anali akadali m'chovala chachikasu cha kuntchito. Anasiya thumba la manachesi pa tebulo, anagwada pakhomo la chipinda n'kuwomba m'manja.

"Muli bwanji, atate?"

"Sakala," a Mbewe anatero, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku majombo. "Mchewa kapena Mnsenga?"

"Amai Mchewa, atate Mnsenga."

"Mbali yofunikayo ilipo. Stazia, tseka chitseko. Upite kutali."

Kutali, m'nyumba ya ku Canning Vale, ndi kukhitchini, mapazi asanu ndi atatu kuchokera pa chitseko. Annastazia anatsegula mpopi, anaika ketulo, anayatsanso wailesi. Ketulo isanawire chitseko chinatseguka.

"Stazia," bambo ake anaitana, "mlendo wathu umupatse tiyi. Wabwera kudzaona wodwala. Ukatero udzandivule nsapatozi, zikundipweteka."

Goodwill anakhala pa mpando wa kukhitchini, kapu ikuoneka yaing'ono m'manja mwake. Pamphumi panali thukuta ngakhale kunja kunkazizira.

"Ba sister, nafeluka," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Funso yoyamba nayankha. Yachiwiri nayesako. Yachitatu nangobauza chilungamo."

"Chilungamo chanji? Christine anati munalowa."

"Ninagula njira chabe."

Annastazia anamuyang'ana. Mawuwo anawamvapo ali mwana, monga mmene munthu amamvera dzina la mudzi umene sanafikeko.

Goodwill anafotokoza. Asanakwatire ankagula thonje m'midzi ya ku Katete, pa njinga. Nyengo ya gule misewu ina sinkadutsika. Ukakumana ndi zilombo unkathawa, njinga n'kuisiya pomwepo. Malume ake atatopa naye anapereka nkhuku n'kumutengera kwa akuluakulu masana amodzi. Anamuuza zochepa zomuyeneretsa kudutsa osathamangitsidwa, anamuchenjeza kuti asakaulule, ndipo pofika madzulo anali atabwerera pa njinga yake.

"Ndiye kumeneko si kulowa?"

"Ku depoti kwathu kuli khadi ya mlendo. Pa geti upita, ku toileti upita. Manje makiyi ya ofesi sibangakupatse. Ine nili na khadi ya mlendo."

"Nanga pa kanyenya paja munati mumadziwa zonse?"

"Pa kanyenya paja ninakambanso ati ninasewerako bola mu timu ya dziko," Goodwill anatero akuyang'ana mu kapu. "Sininaganize kuti nkhani izafika pa bedi ya odwala."

Atachoka, Annastazia anabwerera kuchipinda. Anagwada, anamasula zingwe, anakoka nsapato pang'onopang'ono. Zinali zitasiya mizere yakuya pa khungu.

"Simunandiuze kuti pali kusiyana."

"Sunafunse."

"Ndikanafunsa mukanandiuza?"

"Izi zokha ndikanakuuza. Kwathu ngakhale mbuzi zimazidziwa." Anapuma kaye. "Pali wogula njira. Pali wometa, amene anagona kudambwe n'kulangizidwa. Mwa ometawo muli ana, muli atsabwalo, muli akunjira. Mwana sauzidwa za atsabwalo. Iwe kuntchito kwako wokolopa amabaya jakisoni?"

"Ayi."

"Koma yunifolomu mumavala nonse." Anakhosomola. "Ndipo ngakhale akanakhala wometa, za ku Katete si za ku Mayani. Ng'oma ndi zomwezo, koma mafunso amasiyana. A ku Chikwawa ndiye tikakumana timangopatsana moni ngati azilamu. Ndimafuna ndione pamene waima, mwina ndikanamupatsako kagawo akafikitse. Uyu ngakhale kagawo sanganyamule."

Annastazia anapinda masokosi. Anali atatopa ndi shifiti ya m'mawa, ndipo kutopako kunamupatsa mphamvu yonena chimene anachisunga kwa milungu ingapo.

"Ndiuzeni ine."

"Nambewe." Ankamutchula ndi mfunda akafuna kumukana mofatsa.

"Ndimakusambitsani, bambo. Ndimakusinthirani zofunda. Palibe chimene sindinaone. Ndikwera ndege ndekha, ndikawapeze anzanuwo, ndikanene mawu ndi mawu. Sindisintha ngakhale limodzi."

"Ndikudziwa kuti sungasinthe."

"Ndiye?"

"Akazi ali ndi zawo, za anamkungwi, zimene ine sindinazimvepo ndipo ndifa osazimva. Iwe ngakhale kumeneko sunapite. Unapita ku chilangizo cha mpingo ndi amayi ako, kenako ku sukulu ya mishoni."

"Munanditumiza ndinu."

"Ndine. Ndipo ndikanakutumizanso." Anatseka maso. "Zima hitayo, ikundiumitsa kukhosi."

Anazima. Kubafa anasiya mpopi wotsegula nthawi yaitali kuposa mmene kusamba m'manja kumafunira.

Jones anamupeza kukhitchini akusenda nachesi limene sankafuna kudya. Malaya a Jones anali atanyowa m'mapewa.

"Zalephereka?"

"Zalephereka."

"Mwina ndi Ambuye atseka khomo, mayi a Tayamika. Bambo akanafunika kumaganiza za kumene akupita."

"Akuganiza za kumeneko. Akuti safuna kukafika ndi katundu wa eni ake."

Jones anatenga chigawo chimodzi cha nachesi. Sanali munthu woipa. Ankangokhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi vesi yake, ndipo ili linkamuchedwetsa kuipeza.

Palibe amene ankayembekeza kuti Goodwill abweranso. Anabwera Loweruka, kenako Lachiwiri poweruka, kenako pafupifupi tsiku lililonse, akudandaula za mzere wa mathiraki pa msewu wochokera ku Kewdale. Ulendo wachiwiri anapeza Annastazia akukonza beseni ndi thaulo, a Mbewe atatembenukira kukhoma monga ankachitira nthawi zonse mwana wawo wamkazi akamawasambitsa. Jones sakanatha kuthandiza, mkamwini saona thupi la apongozi ake. Goodwill anapinda malaya m'mikono n'kulandira beseni lija.

"Ba sister, yendani mukapumule. Iyi nchito khadi ya mlendo ivomera."

Kuyambira tsiku limenelo a Mbewe sankamutchulanso Sakala.

"Wogula njira, madziwa atentha."

"Ni ofunda chabe, atate."

"Kodi ku Katete nkhuku imodzi imagula zonsezi, mpaka kutsutsa akuluakulu?"

"Inali yonenepa."

"Ikanakhala yonenepa akanakuuza yankho la funso lachitatu."

Annastazia, ali pa khonde la mkati ndi zofunda zochapa, anamva bambo ake akuseka, kuseka kwakufupi kothera m'chifuwa. Tsiku lina akuwapatsa phala, a Mbewe anamuuza kuti, "Uyu ali ndi chinthu chimodzi. Atafika pamene sakudziwa anati sindikudziwa. Alipo ometa enieni amene sangatero."

"Ndiye mungamuuzeko?"

"Kukhala munthu wabwino ndi kwina, Stazia. Usasakanize."

Nkhani ya foni anaiyambitsa Goodwill patatsala milungu iwiri kuti anyamuke. A Mbewe anali atatchulapo kangapo a Mcdonald Nkhoma, akunjira a mudzi woyandikana nawo, amene anametera nawo dambwe limodzi, chaka chimodzi. A Nkhoma analibe foni, koma Kulamba sankaphonya.

"Ningabapeze ku Mkaika," Goodwill anatero. "Nibapatse foni yanga. Mukambe mweka bawiri."

"Foni ndi msika," a Mbewe anayankha. "Anyamata a kwathu amajambula chilombo n'kuchitumiza ku Joni tsiku lomwelo. Ayi."

Anakana masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi anadzuka masana osadziwa kumene ali. Anamutchula Annastazia ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale, anafunsa ngati mbuzi zatsekeredwa, anayankhula zosalumikizana mpaka dzuwa kupendeka. Nesi woyendera odwala m'makomo ananena zimene Annastazia ankazidziwa kale: chiwindi chikamalephera mutu umasokonezeka, ndipo masiku oterewa azichuluka. Nzeru zitabwerera, a Mbewe anagwira dzanja la mwana wawo ndi mphamvu imene iye ankaganiza kuti inatha.

"Ndayankhula chiyani?"

"Za mbuzi."

"Zokhazo?"

"Ndi za azakhali."

A Mbewe anayang'ana kudenga.

"Umuitane wogula njira."

Malamulo anaika okha. A Nkhoma akakhale kutchire, kutali ndi anthu. Goodwill aimbe, apereke foni, achoke mpaka pamene mawu a munthu safika, ndipo afulatire. Osakweza mawu a foni, osajambula. Vuto linali mbali ya ku Perth. Manja a a Mbewe sankagwiranso ngakhale supuni, ndipo mawu awo anali atachepa moti foni inkafunika munthu woigwira pafupi ndi milomo. Jones anati iye akhoza kuthandiza pa china chilichonse. Kunatsala Annastazia.

Tsiku lotsanzikana Goodwill anabweretsa zotsekera m'makutu za ku depoti, zija amavala pafupi ndi sitima za katundu. Annastazia anaziyesa. Goodwill anaitana dzina lake mokweza ali kumbuyo, iye sanatembenuke. A Mbewe nawo anayesa. Zimene ananena Annastazia sanazimve, koma atavula anapeza Goodwill akupukuta misozi ya kuseka.

"Zikugwira ntchito," a Mbewe anatero. "Uyang'anenso kukhoma. Milomo nayo imawerengeka. Ndikamaliza ndikukanda pa dzanja."

Goodwill anagwada pafupi ndi bedi. "Atate, nizabapeza."

"Ukawapeza usakadzitame. Nkhoma mafunso ake ndi asanu."

Anawapeza Loweruka, tsiku la mwambo, atafunsa m'magulu angapo a anthu a ku Dedza. Anatumiza uthenga: mawa teni koloko m'mawa ya kuno, chifukwa lole yawo inyamuka masana. Ku Perth imeneyo inali folo koloko madzulo. Lamlungu limenelo a Mbewe anakana mankhwala oletsa ululu kuti mutu ukhale woyera. Pofika folo koloko milomo inali itauma, pilo itanyowa ndi thukuta, koma maso anali awo enieni.

Foni inalira. Annastazia anamva Goodwill akuti, "Nabapatsa, nayenda," kenako mawu a nkhalamba, olemera, akufunsa ngati ameneyo ndi Mbewe. Anavala zotsekera zija ndipo dziko lonse linakhala chete. Anagwira foni pafupi ndi pakamwa pa bambo ake n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Pakhomapo panali kalendala imene inali ikadali pa Julayi. Anawerenga masiku ake kawiri. Ankamva mpweya wofunda wa bambo ake ukugunda pa zala, kuima, kuyambanso. Mkono unachita dzanzi, anauchirikiza ndi dzanja linalo osacheuka. Nthawi ina mpweya uja unaima motalika, koma unabwerera. Anaganiza kuti m'moyo wake wonse bambo ake sanayankhulepo nthawi yaitali chonchi iye ali pafupi.

Chikhadabo chinamukanda.

Anavula zotsekera n'kuyang'ana foni. Inali yakuda. Anaikhudza. Panalembedwa kuti kuyankhulana kunatenga masekondi makumi asanu ndi awiri. Wotchi ya pamwamba pake inkasonyeza kuti papita mphindi khumi ndi zitatu.

A Mbewe anali atagwera pa pilo, maso ali otseka, chifuwa chikukwera ndi kutsika msangamsanga. Nkhope inali itamasuka ngati ya munthu amene wangotula thumba pa chigayo.

"Wolandira sayankha mpaka wopereka amalize," ananong'ona. "Tsopano ayankha. Makutu angawa sakumva bwino. Mvera iwe, yankholo si lobisika."

Annastazia anaika foni ija pa khutu. Inali ikadali yofunda. Anawerenga mumtima mpaka faifi.

"Akuti alandira."

"Onse?"

"Akuti onse."

A Mbewe anatulutsa mpweya wautali. Msozi umodzi unatsikira m'khutu.

"Basi. Sindinabe." Patapita kanthawi anati, "Undipatse mankhwala aja. Umuitanenso mkamwini adzapemphere. Galimoto ija yayera mokwanira."

Jones analowa ndi Baibulo mofulumira, ngati munthu amene anadikira pakhomo miyezi isanu ndi umodzi. Annastazia anapereka mankhwala, anawasiya awiriwo n'kupita ku chipinda chochapira. Foni inali itayamba kunjenjemera m'thumba.

"Ba sister, inaduka," Goodwill anatero. Mawu ankadukaduka, ndipo kumbuyo kunkamveka mahutala a malole. "Netiweki ya kuno, banthu ni bambiri. Ba Nkhoma banamva moni na mawu yoyamba chabe. Beve banakhala zii, kuganiza ati banzawo bapumula. Ine nili uko, nafulatira monga mwamene bananiuzira. Nabwera kuona, foni inazima kudala."

"Ndaona."

"Bapatseni futi. Lole ikali na ola imodzi. Nakwera pa chulu, apa igwira."

Annastazia anayenda mpaka pakhomo la chipinda. Jones anali atagwada, dzanja lake lili m'mphepete mwa bulangete. A Mbewe anali chigonere, pakamwa potsegula pang'ono, zala zitatambasuka. Kwa milungu yambiri ankagona atakunga zibakera. Annastazia anali nesi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankadziwa zimene mphindi khumi ndi zitatu zija zinatenga, ndipo ankadziwa kuti m'thupi limenelo munalibe zina zotero. Akanawadzutsa akanayambanso, akanathera pakati, ndipo akanadziwa kuti athera pakati.

Anabwerera kochapira n'kutseka chitseko.

"Agona."

"Bautseni. Ba Nkhoma bakuti ngakhale dzina chabe. Dzina ya wolowa m'malo. Vinangu bazaona beka."

"Ndikawafunsa dzina adziwa kuti sizinamveke."

"Nanga mwabauza chani?"

"Ndawauza kuti alandira."

Pa foni pankamveka mphepo ndi mwana akulira chapatali.

"Ba sister, ine nine wogula njira chabe, koma iyi ni nkhani ikulu. Kumudzi kuja bazakangana."

"Ndikudziwa."

"Ni mawu yawiri chabe. Munthu angakambe mawu yawiri."

"Angathe," Annastazia anatero. Anatsamira makina ochapira, amene anali ozizira pa msana. "Angathe ndithu."

"Manje niziti chani kuli ba Nkhoma? Bali apa baniyang'ana."

"Muwauze zoona. Muwauze kuti anzawo ananena zonse, sanasiye kanthu. Wokana kuwadzutsa ndine, Nambewe, mwana wawo. Akafuna womuimba mlandu andiimbe ine."

Anamva Goodwill akufotokoza chapatali, m'Chichewa cha kumudzi chimene sankayankhula ku Perth.

"Akuti chiyani?"

"Sibanakambe kanthu. Bavula chisote. Bayenda ku lole."

A Mbewe anamwalira Lachitatu masana, mvula itangosiya. M'masiku atatuwo anadzuka kawiri. Koyamba anapempha madzi. Kachiwiri anafunsa ngati Nkhoma wafika kumudzi, ndipo Annastazia anati afika. Pa mapemphero a m'nyumba, Amalawi ndi a ku Zambia atadzaza mpaka m'galaja, Jones anauza anthu kuti apongozi ake anapita mwamtendere, atatula zonse. Sananame. Annastazia sanamuuze china chilichonse.

Thupi anapita nalo yekha patatha milungu iwiri. Ku Mayani a Nkhoma anamulonjera ndi manja awiri, anafunsa za ulendo, ndipo sanafunse china. Iye anakhala pakati pa amayi, chitenje chili kumutu. Kutsidya kwa bwalo amuna anali atakhala magulu awiri, pansi pa mitengo iwiri, osayang'anana, ndipo Annastazia sanafunikire womuuza chifukwa chake.